Mwana wa Sukulu Ina Angasewere M'timu Yathu?

Zikomo bambo a ku Chamama chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwana wanu amaphunzira pasukulu yomwe si yaboma yopanda bwalo, ndipo madzulo akamaliza kusoka fodya m'chigafa amakangoima m'mphepete mwa bwalo la sekondale yaboma yoyendera, kumaonerera anzake akusewera, ndiye mukufunsa ngati angalowe m'timu yawo. Zandikhudza kwambiri.

Bambo, pamipikisano ya Malawi Schools Sports Association, wosewera amaimira sukulu yomwe analembetsa. Lamuloli limatseka mpata wobwereka akuluakulu ometa ndevu kuti adzamwetse zigoli.

Koma luso lisafere m'chigafa. Kaonaneni ndi aphunzitsi a zamasewera a pasekondale yabomayo, mupemphe kuti mwana wanu azichita nawo zokonzekera. Makolo gwirizananinso, sukulu yanuyo iyambitse timu yakeyake n'kubwereka bwalolo. Paja mutu umodzi susenza denga.