Mwana amene anamutcha Faivi

Agogo ena anandipeza ndikufufuta pabolodi Loweruka masana, ophunzira atatuluka kale. Anaima pakhomo la kalasi, dzanja limodzi litafumbata pepala lopindapinda, linalo litagwira mnyamata wa zaka 9 yemwe ankakoka galimoto ya mawaya.

"Kodi ndinu aphunzitsi amene mukuyeza mitu ya ana?"

Ndinawalonjera n'kuwakokera mpando. Anakana kukhala. Anatambasula pepala lija patebulo, ndipo ndinalizindikira nthawi yomweyo, pakuti ndinali ine amene ndinalipangitsa fotokope. Panali chithunzi cha munthu chojambulidwa ndi pensulo: mutu waukulu, miyendo iwiri yotulukira m'khosi, manja opanda zala. Pansi pake wophunzira wanga wina anali atalemba ndi bolopeni yofiira kuti, "Nzeru za mwana wa zaka 5."

Ndiyambire kumayambiriro, chifukwa cholakwacho sichinachitike tsiku limenelo. Ndinachipanga ndekha miyezi iwiri m'mbuyomo, nditakhala phee ndi kalendala.

Koleji ina yaing'ono ya ku Kafue inandilemba ganyu yophunzitsa saikoloje ya chaka choyamba, phunziro la kaganizidwe ndi khalidwe la munthu. Ndinkakwera minibasi ku Lusaka m'mamawa Loweruka, ulendo wa makilomita pafupifupi 45, n'kukapeza kalasi ya anthu akuluakulu: aphunzitsi a kupulaimale, anamwino, ena ogwira ntchito m'mafakitale a m'tauniyo. Ndinali ndi masabata 13 ndi buku limodzi lochindikala la ku America, la mitu yoposa masabatawo. Ndinachita zimene ambiri timachita: kutsegula tsamba la zamkatimu n'kulisandutsa silabasi. Sabata yoyamba Wilhelm Wundt ndi labotale yake ya ku Leipzig ya mu 1879, kenako ubongo, kenako galu wa Pavlov wochucha dovu akamva belu, kenako Piaget ndi makulidwe a ana.

Mutu wachiwiri m'bukumo unali wa njira zochitira kafukufuku: kupempha chilolezo kwa makolo, kusunga chinsinsi, kusatchula dzina la woyesedwa, ndiponso zimene chiyeso chingatiuze ndi zimene sichingathe. Mutu umenewu ophunzira sawukonda, ndipo kunena zoona nanenso unkanditopetsa. Titataya Loweruka limodzi ndi maliro, lina ndi kuthima kwa magetsi, ndinausuntha n'kuuponya ku sabata 12. Mutu wa nzeru ndi kayezedwe kake unatsala pa sabata 6. Ndinadziuza kuti palibe chaonongeka. Safunsa anadya phula.

Pofuna kuti kalasi isagone, ndinawapatsa ntchito yokachitira kunyumba. Pali chiyeso chakale chimene Florence Goodenough anatulutsa mu 1926: umapatsa mwana pepala ndi pensulo, n'kumuuza kuti ajambule munthu, ndiye umawerenga zimene waikamo, monga khosi, zala, nsidze, zovala, n'kupatsa malikisi. Malikisiwo umawayerekeza ndi tebulo losonyeza zimene ana a msinkhu uliwonse amapeza. Ubwino wake kwa mphunzitsi wosauka ndi woti sichifuna ndalama. Ndinati aliyense akapeze mwana mmodzi kwawo, akamuyeze, adzabweretse zotsatira. Sindinawauze kuti tebulolo linachokera kwa ana a ku America. Sindinawauze kuti zotsatirazo asakauze munthu. Zonsezo zinali kudikira sabata 12.

Amene anaphunzitsapo phunziroli akudziwa matenda a ophunzira a chaka choyamba. Akamva dzina la vuto lililonse la m'maganizo, mawa lake amalipeza mwa apongozi awo, mwa abwana awo, mwa oyandikana nawo nyumba. Ife timaseka nazo m'chipinda cha aphunzitsi. Koma kuseka kumatha ukawapatsa pepala lokhala ndi manambala, chifukwa nambala ili ndi ulemu umene miseche ilibe. Munthu angatsutse mawu a azakhali. Nambala yochokera ku koleji ndani angaitsutse?

Wophunzira wanga uja anayeza mwana wa malemu mchemwali wake, wamasiye, wokhala ndi agogo ake kukomboni. Anawerenga malikisi molondola ndithu, sanalakwitse n'pamodzi pomwe. Kenako ananena zotsatira pa chakudya chamadzulo, ana ena akumva. Malume a mnyamatayo, amene ankagula yunifolomu, nsapato ndi makope, anati ngati ophunzira aona kuti mutu wake unaima pa zaka 5, kuli bwino azikathandiza asodzi kumtsinje kusiyana n'kutaya ndalama. Pofika tsiku limene agogo anabwera, mwanayo anali atajomba kusukulu masabata awiri, ndipo anzake anali atamupatsa kale dzina: Faivi.

"Aphunzitsi," anatero agogowo, "ine kusukulu sindinapiteko. Koma uyu ndikamutuma kumsika, ndalama yobwerera imakwana. Ndikadwala, amene amadziwa koti akaitane anthu ndi uyu. Tsono mutu wakewo mwauyeza ndi chiyani?"

Ndinasowa chonena. Maso anga anatsikira pa galimoto ija. Inali ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno mwake, ndipo akachipotoza, mateyala akutsogolo, opangidwa ndi zitsekero za mabotolo, ankakhota onse pamodzi. Zitseko zinkatseguka. Kumbuyo kunali ngolo yolumikizidwa ndi kawaya kopinda ngati mbedza, yonga ya malole odutsa pamlatho wa Kafue. Ndinamufunsa kuti wamupangira ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti yankho la funso la agogowo linapezeka kale, ndipo linapezekera kwathu konkuno, pa University of Zambia, ku Lusaka kumene minibasi yanga inkachokera. Robert Serpell, amene anafika m'dziko muno mu 1965 ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa yunivesiteyo kuyambira 2003 mpaka 2006, anatulutsa kafukufuku mu 1979 woyerekeza ana a ku Lusaka ndi ana a ku England. Anawapatsa ntchito yofanana, yotengera maonekedwe a chinthu, koma m'njira zosiyana. Pojambula ndi pensulo, ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a ku Zambia anawasiya kutali anzawowo. Poumba, panalibe kusiyana kwenikweni. Chimene chiyeso cha pensulo chinkayeza kwambiri ndi kuzolowera pensulo. N'chifukwa chake pa yunivesite yomweyo anakonza chiyeso china chotchedwa Panga Munthu, chimene mwana amaumba munthu m'malo momujambula, ndipo mu 1998 Serpell ndi mnzake Kathuria anatulutsa miyezo yake yochokera kwa ana a ku Zambia.

Serpell yemweyo, m'zaka za m'ma 1970, anapita kumidzi ya Achewa m'boma la Katete n'kumafunsa akuluakulu kuti, nyumba itapsa ndipo pali ana awa okha, angatume uti kukaitana anthu, ndipo chifukwa chiyani. Anapeza kuti kwa iwo nzeru zili pawiri: kuchenjera ndi kutumikira. Mwana wochenjera koma wosatumika, wosakhulupirika, sankamuwerengera kuti ali ndi nzeru zenizeni. Ndipo ana amene akuluakulu ankasankha sanali kwenikweni omwe ankapambana pa ziyeso za ofufuzawo. Zonsezi zili m'buku lake la mu 1993, The Significance of Schooling. Agogo aja, osaliwerenga, anali atandiuza zomwezo m'mawu ochepa, ndipo ine, amene ndinalionapo pashelefu ndili wophunzira, ndinalisiya kunja kwa silabasi chifukwa silinali m'tsamba la zamkatimu la buku la ku America.

Sindikunena kuti mabuku akunjawo atayidwe. Galu wa Pavlov amachucha dovu ku Kafue monga ku St Petersburg. Koma mu 2008 Jeffrey Arnett atawerenga kafukufuku wa m'magazini akuluakulu a saikoloje, anapeza kuti mwa anthu 100 alionse oyesedwa, 96 anali a m'maiko olemera a azungu, ndipo 68 anali a ku America kokha. Buku lotere likamati "mwana wa zaka 9", limanena mwana wina wake, wa kwina kwake. Ntchito yanga inali kuuza ophunzira zimenezi ndisanawapatse pepala m'manja, ndipo malo ake anali sabata yachiwiri ija imene ndinaisuntha.

Loweruka lotsatira ndinasiya zimene ndinakonza. Ndinatolera mapepala onse a ana, ndinafunsa aliyense kuti zotsatira anauza ndani, ndipo manja amene anakwera anali ambiri kuposa momwe ndinkaopera. Madzulo ake ndinapita kukomboni ndi wophunzira uja, yemwe analira njira yonse ngakhale cholakwa sichinali chake. Ndinakhala pampando wa ndalema n'kufotokozera malume aja kuti pepalalo silinayeze mutu wa mwana. Anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa kuti, "Nanga ngati silinayeze kanthu, munaliperekeranji, aphunzitsi?"

Lolemba mnyamatayo anabwerera kusukulu. Patapita miyezi ndinamuona pafupi ndi siteji ya minibasi akuthamangitsa galimoto ina yatsopano, yaikulu kuposa yoyamba ija. Ndinakweza dzanja kuti ndimupatse moni, koma mnzake anayamba kumukuwira kuchokera kutsidya kwa msewu: "Faivi! Iwe Faivi!" Anatembenuka n'kuyankha.