Nsupa Ikasweka Matenda Asanayambe

Funso la wowerenga wa ku Ntaja, Machinga: Kodi mayi woyembekezera nsupa ikamusweka koma matenda osayamba, angadikire kunyumba?

Yankho: Ayi. Nsupa imatchinga mwana ku tizilombo. Ikangosweka, mabakiteriya a m'njira yoberekera amakwera n'kulowa m'madzi amene mwana amakhalamo, ndipo chiopsezo chimakula kwambiri pakatha maola 18 mayi asanachire. Kupisapisa m'njiramo ndi manja kapena mankhwala azitsamba kumafulumizitsa vutoli.

Zizindikiro zoti tizilombo talowa ndi kutentha thupi kofika madigiri 38, mtima wa mayi kapena wa mwana kugunda mothamanga, chiberekero kupweteka pochikhudza, ndi madzi onunkha. M'madera a m'mbali mwa Shire, kumene malungo ndi osasowa, ambiri amangoti ndi malungo n'kugula panado pagolosale, tsiku n'kutha. Malungo amayezedwa ndithu, koma mayi ayenera kuwauza azamba nthawi imene madzi anayamba kutuluka, ngakhale atakhala ongodontha n'kunyowetsa chitenje.

Chithandizo ndi majakisoni opha mabakiteriya, kawirikawiri ampicillin ndi gentamicin, komanso kuonetsetsa kuti mwana wabadwa msanga. Opaleshoni sichitika nthawi zonse. Zipatala zazing'ono za m'maboma a Balaka ndi Machinga zimatumiza mayi wotere kuchipatala chachikulu cha Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde.

Akachedwa, mayi angataye magazi ambiri pochira chifukwa chiberekero chimalephera kukhwinyata, kapena tizilombo tingalowe m'magazi. Mwana angabadwe masiku osakwana, angadwale chibayo kapena matenda oumitsa khosi, mwinanso kufera m'mimba.