Mapaipi Awiri a Pansi pa Galimoto Yakale

Anzanga ambiri akaona galimoto yakale itakonzedwa bwino amayamikira penti ndi mipando, koma palibe amene amagwada kuti asuzumire pansi. Ine ndinagwada pa chuthi capitaci, pamene ndinali kuthandiza amalume anga ku galaja kwao ku Manja, ndipo ndifuna ndikuuzeni za mapaipi awiri ang'ono amene ndinawapeza kumeneko, pakuti mwa iwo muli phunziro lija la sayansi loti kutentha kumacoka pa cinthu cotentha kumka pa cozizira.

Galimotoyo inali Mercedes-Benz ya mtundu wa W123, umene unayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1976. Inakhala pa miyala zaka zambiri, nkhuku ziri kuikira m'kati mwace. Giyabokosi yace ndi ya otomatiki, ndiko kunena kuti imasintha yokha magiya, ndipo woyendetsa alibe kilachi yoponda. Nzeru imeneyi si yatsopano ai: kampani ya General Motors ku America inaiika m'magalimoto a Oldsmobile a 1940, niicha dzina loti Hydra-Matic.

M'malo mwa kilachi muli cinthu cochedwa torque converter. Taganizani mafani awiri openyana, otsekeredwa m'mphika wodzaza ndi oilo. Injini ikazunguza imodzi, oilo amakankha inzace. Koma oilo wotakasidwa cotere amatentha, makamaka galimoto ikamakwera phiri pang'onopang'ono itasenza katundu. Amene anakwerapo citunda cocokera ku Chikwawa kudza ku Blantyre mwezi wa Okotobala adziwa cimene ndiri kunena. Oiloyu ndi wofiira, ndipo amagwira bwino nchito ali pa madigiri 80 kapena pafupi pamenepo. Akatentha kopitirira amada, nanunkha ngati ndiwo zopserera, ndipo magiya amayamba kuterereka.

Ndico cifukwa cace pali mapaipi awiri aja. Imodzi imatenga oilo wotentha kumka naye ku rediyeta, kumene amapyola m'kabokosi kacekace komizidwa m'madzi, osasanganizika nao. Inayo imabwera naye atazizirako. Ikabooka imodzi mwa izi injini iri kulira, pampu imatulutsa oilo yense m'mphindi zowerengeka, ndipo giyabokosi imapsa woyendetsa asanadziwe kanthu.

Mapaipi athu anali atadyeka. Pa galimoto za mtundu uwu amayenda m'mbali mwa sampu, atagwidwa ndi tizitsulo tokhala ndi mphira m'kati. Mphirayo inatha kalekale, cotero citsulo cinali kukhuda citsulo cinzace, kufikira panaoneka kabowo konga ka singano.

Amalume anandipatsa paipi yatsopano kuti ndiyese. Ine ndinaiika pa bondo, ndinaikhotetsa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo inapinda ngati bango. Iwo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga, taipuziramo," anatero.

Ndinapuzira, mpweya ndi kumatuluka mobvutika.

"Nanga oilo adzera pati?"

"Pepani malume, ndaononga."

Sanandikalipire. Anandifunsa ngati ndinapangako galimoto za waya ndiri mwana, ndipo nditabvomera anandituma kukatenga waya. Tinayamba takhotetsa wayayo pansi pa galimoto, kumuyendetsa m'njira yonse imene paipi idzapita, ndipo pambuyo pace tinakhotetsa paipi potsata wayayo, ndi cida cokhala ndi kagudumu cimene sicilola paipi kupinda. Ena amathira mcenga m'paipi poikhotetsa. Pa nchito iyi musayese, pakuti kamcenga kamodzi kotsalira kangathe kutseka timabowo ta m'giyabokosi.

Posankha njirayo tinali kuthawa adani atatu. Woyamba ndiye ekizozi, imene imatentha madigiri mazana angapo. Paipi ikayandikira imaotha moto m'malo mozizira, ndipo oilo akadonthera pamenepo galimoto ingathe kuyaka. Waciwiri ndiye zinthu zonse zoyenda, monga fani, lamba wace ndi zitsulo za ciongolero. Tinapotoza ciongolero mbali zonse ziwiri kuti tione ngati sicikhudza. Wacitatu, amene anthu samuopa koma ndiye anapha mapaipi akale, ndi kukhudana. Paipi isagunde cinthu ciri conse, ngakhale inzace, koma pokhapo pamene yagwidwa ndi kacitsulo ka mphira. Isalendewerenso pansi kuposa sampu, pakuti miseu yathu ya m'makwalala, monga mudziwa, siisowa miyala.

Cinandidabwitsa ndi cakuti citsulo sicifika ku rediyeta. Cimalekeza pafupi, ndipo potsalapo pamalowa kapaipi ka mphira. Amalume analiza injini ya galimoto ina nandionetsa mmene imagwedezekera pamene rediyeta iri ciriri pa thupi la galimoto. Citsulo columikiza ziwirizi cikadathyoka monga waya amathyokera tikampinda kawirikawiri. Pa cifukwa comweco anakana paipi ya mkuwa, ngakhale iri yosabvuta kukhotetsa, cifukwa mkuwa ukamagwedezeka umauma nung'ambika. Mphira nayo iyenera kukhala yopangidwira oilo wotentha, osati ya petulo.

Titamanga zonse, tinatsitsa galimoto pa zocirikiza zace (munthu asalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha), tinathira oilo, ndi kuliza injini kufikira itatentha. Oilo wa giyabokosi iyi amayezedwa injini iri kulira, galimoto iri pa malo osapendeka. Tinatsegulanso rediyeta itazizira kuona madzi, pakuti akasanduka ofiirira ngati mkaka wothira mankhwala ndiye kuti kabokosi kaja kabooka m'kati. Athu anali oyera.

Madzulo amalume anayala katoni pansi pa injini. M'mawa ndinathamanga kukaiona ndisanamwe tiyi, ndipo ndinapeza dontho limodzi lofiira, pa nati imene ndinamanga ine.