Mukufunsa za besi pomwe makutu akulira

FUNSO: Adokotala, ndine mnyamata wa zaka 24, ndimagwira ntchito pachigayo kuno ku Bwanje. Ndimakonda nyimbo, makamaka za Black Missionaries ndi amapiano, ndipo besi ikapanda kugunda sindimva kukoma. Mahedifoni a pamsika sachedwa kufa, waya umathyoka pafupi ndi potsomeka, mbali imodzi n'kungoti zii. Amene ndili nawo panopa timaraba take tinatayika, ndiye ndimakweza voliyumu mpaka kumapeto kuti ndizimva chigayo chikamalira. Mnzanga wina akuti ndigule a Bluetooth, wina akuti ndiitanitse ku Lilongwe aja ochotsa waya, kenako ndigule waya wodula chifukwa ndi umene umatulutsa besi. Zoona n'ziti? Pena usiku makutu amalira ngati nyenje, koma kukacha zimasiya, ndiye sizikundidetsa nkhawa.
Wokonda nyimbo, Bwanje, Ntcheu

YANKHO: Achimwene, zikudetseni nkhawa. Anyamata ambiri amene amandipeza amatero ndithu: atchula mtundu wa foni, atchula mtengo wa mahedifoni, ndiye atagwira kale chitseko m'pamene amati, "Komanso makutu amalira."

Mkatikati mwa khutu, kuseri kwa nembanemba imene imanjenjemera mawu akafika, muli timaselo ta ubweya pafupifupi 16,000 timene timatumiza mawuwo ku ubongo. Phokoso likachuluka timatopa, ndipo kulira mukukumva usikuko n'kumene kukukuuzani zimenezi. Poyamba timatsitsimuka munthu akagona, n'chifukwa chake kukacha mumaona ngati zatha. Koma tikafa sitimeranso. Palibe jekeseni, palibe mtsitsi, palibe madontho a m'botolo amene angatibweze. Tsiku lina kudzacha kulirako osasiya. Choipa china, timene timayamba kufa ndi timene timamva mawu opyapyala, choncho munthu amamva kuti anthu akuyankhula koma osagwira zimene akunena, makamaka pamsika kapena m'minibasi, makamakanso akamayankhula ndi mwana kapena mayi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 80 kwa maola 40 pa sabata popanda kuvulala. Likafika 85, nthawiyo imatsika kufika maola 12 ndi theka. Pa 100 ndi mphindi 20 zokha, pa sabata yonse. Simufunika makina kuti mudziwe pamene muli: ngati mumachita kukuwa kuti amayi amene aima pafupi nanu ndi thumba la chimanga akumveni, phokosolo lafika kale pa 85 kapena kuposa. Ndiye kuti chigayo chokhacho chimamaliza gawo lanu la sabata m'masiku awiri oyamba. Inu pamwamba pake mukuthirapo nyimbo, voliyumu kumapeto, ndipo mafoni ambiri pamenepo amafika 100.

Ndiye pachigayo musavale mahedifoni, kaya akhale a mtengo wanji. Chifukwa chake si makutu okha. Waya wolendewera pachifuwa pafupi ndi lamba wozungulira ndi ngozi, komanso khutu lanu ndi limene liyenera kuyamba kumva injini ikasintha kaliridwe kapena munthu akakuwa. Chimene mukufunika ndi zotsekera m'makutu za antchito, za siponji kapena zophimba khutu lonse, zomwe amagulitsa m'mahadiweya. Lamulo la chitetezo pantchito la 1997 limapatsa olemba ntchito udindo wosamala umoyo wa antchito awo, ndiye kauzeni abwana mwaulemu. Kunena zoona zimandipweteka mtima kuona eni zigayo akugula malamba ndi masefa atsopano koma osaganizira makutu a mnyamata amene waima pamenepo tsiku lonse.

Tsopano za besi yanuyo. Besi inapita tsiku limene timaraba tinatayika. Kahedifoni kolowa m'khutu kamatulutsa besi pokhapokha njira ya khutu itatsekeka bwinobwino, mpweya osathawira m'mbali. Pakakhala kampata, nyimbo imamveka yopyapyala, phokoso lakunja limalowa, inu n'kumakweza voliyumu kufunafuna chinthu chimene sichingabwere. Gulani mahedifoni amene m'bokosi mwake muli timaraba ta masaizi atatu, ndipo muyese tonse. Musadabwe khutu lamanja likafuna kakakulu, lamanzere kapakati, makutu salingana. Mukalowetsa koyenera mudzamva mawu anu omwe akumveka m'mutu, phokoso la panja litachepa, popanda kuwawa. Pali tina ta siponji timene timatseka kwambiri, koma ndi thukuta la m'chigwa cha Bwanje mwezi wa Okutobala komanso fumbi la ufa, timada msanga ndipo sitichapika. Tengani ta raba, muzitichotsa n'kutsuka ndi sopo, tiume kaye musanabwezeretse. Osabwerekana ndi munthu, matenda a m'khutu amayenda choncho.

Musatolenso karaba ka mahedifoni ena n'kukakakamiza pa anu. Ndinalandirapo mnyamata wina amene anachita zimenezi. Karaba kanali kokhwepa, pochotsa hedifoni kanatsalira mkati. M'malo mopita kuchipatala anayamba kukatokosa ndi kamtengo ka machesi, mchimwene wake akumuunikira ndi tochi ya foni. Atalephera anayesa nthenga ya nkhuku, kenako pini. Karabako kanangolowerabe. Anabwera khutu litatupa, likutuluka mafinya osakanikirana ndi magazi, amayi ake atamugwira mkono chifukwa cha ululu. Kuchotsa karabako sikunavute ndi kapani kathu kakang'ono, koma pini ija inali itaboola kale nembanemba. Amayiwo anangokhala pabenchi kugwira tsaya. Anali mnyamata woimba kwaya kutchalitchi. Chinthu chikatsalira m'khutu musachitokose, ndipo ngakhale timitengo ta thonje tija musamatilowetse, timangokankhira phula mkati.

Za waya wodula, mnzanuyo akukutayitsani ndalama. Waya wabwinobwino wa kopa umafikitsa nyimbo yonse, wodula suwonjezera besi. Ubwino wa mahedifoni ochotsa waya ndi umodzi: ukathyoka mumagula waya wokha. Mukafuna amenewo, onetsetsani polumikizira pake, chifukwa pali a timapini tiwiri ndi a MMCX, ndipo salowana. Waya wanu umathyoka chifukwa choukulunga pafoni n'kuika m'thumba la buluku uli wotsomeka. Sankhani wa mutu wopindika, muzizula pogwira mutuwo, osati kukoka chingwe. A Bluetooth ndi abwino, koma batire yake ikatopa ndiye kuti atha, komanso amafuna kutchaja. Ngati foni yanu ili ndi kabowo ka 3.5mm, monga Tecno ndi Itel zambiri, ine ndingatsalire pa a waya.

Mukaweruka, patsani makutu mpumulo musanayatse nyimbo, ndipo voliyumu isapitirire 60 pa 100. Chenjezo limene foni imalemba mukamakweza lija si lokongoletsa.

Musanagule chilichonse, pitani kuchipatala cha boma ku Ntcheu akakuoneni m'makutu, mukawauze za chigayo ndi za kulirako. Kuyeza mmene mukumvera amachita ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, likayamba kutuluka mafinya, kapena mukamamva chizungulire, musadikire tsiku la malipiro, nyamukani tsiku lomwelo.