Wodwala akati "ndakutopetsani", timayankha chiyani?



Sabata yatha ndinaonera filimu ya zochitika zenizeni yotchedwa How to Die in Oregon, yomwe anajambula Peter Richardson ndipo inatuluka mu 2011. Poyamba ndinkati yankho ndikulidziwa kale: haraam, basi. Yankho limenelo silinasinthe ayi, koma filimuyo yandisiyira funso lomwe ndikufuna tiliganizire limodzi.

Oregon ndi chimodzi mwa zigawo za dziko la America. Mu 1994 anthu kumeneko anavotera lamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1997, lolola munthu wamkulu wodwala matenda osachiritsika kupempha mankhwala oti amwe n'kufa. Madokotala awiri amayenera kutsimikiza kuti watsala ndi miyezi yosaposa 6 komanso kuti mutu wake ukugwira bwino. Dokotala amangolemba mankhwalawo, womwa ndi mwiniwake.

Mufilimuyo muli mayi Cody Curtis, wa zaka 54, yemwe ankadwala khansa ya chiwindi. Analandira mankhwalawo n'kuwasunga, ndipo anakhalabe ndi moyo kupyola nthawi yomwe madokotala ananena. Matenda atakula anasankha tsiku. Tsiku limenelo kamera inaima panja pa nyumba, ife n'kumangomva mawu a banja lake mkati. Sindinama, misozi inatsika.

Mulinso bambo Randy Stroup, wodwala khansa, yemwe analandira kalata yoti thumba la boma la zaumoyo silimulipirira mankhwala a khansa omwe ankafuna, koma a kufa nawo likhoza kulipira. A thumbalo anadzasintha maganizo nkhaniyo itamveka. Tangoganizani kulandira kalata yotero uli pabedi!

Chomwe chinandidzidzimutsa kwambiri n'chakuti malipoti a chaka ndi chaka a ku Oregon amasonyeza kuti ululu si chifukwa choyamba chomwe odwalawa amatchula. Amatchula kwambiri kulephera kudzichitira zinthu, kusathanso kuchita zomwe ankasangalala nazo, ndi kutha kwa ulemu wawo. Ambiri amaopanso kukhala mtolo kwa abale.

Pamenepo ndinakumbukira malemu azakhali anga. Ali chigonere, tsiku lina anandifunsa chapansipansi kuti: "Mwana wanga, ndakutopetsani eti?" Ine ndinangoti "ayi azakhali", maso ali pa WhatsApp. Anatembenukira kukhoma. Allah andikhululukire, funso lija sindinalimve.

Nanga Chisilamu chikutiphunzitsa chiyani?

1. Moyo ndi amanah. Tinangosungitsidwa, mwini wake ndi Allah (S.W.T). Surat An-Nisa ndime 29 ikutiletsa kudzipha, ndipo ndime yomweyo ikutikumbutsa za chifundo cha Allah pa ife. Mu hadith ya Anas (R.A) yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (S.A.W) analetsa kulakalaka imfa chifukwa cha mavuto, natiphunzitsa kusiyira Allah kuti atisankhire chomwe chili chabwino. Choncho kumwa kapena kupereka mankhwala ndi cholinga chothetsa moyo n'koletsedwa, ngakhale wodwalayo atapempha yekha.

2. Swabr sikutanthauza kukana mankhwala. Kupatsa wodwala mankhwala ochepetsa ululu monga morphine, motsatira dokotala, n'kololedwa, chifukwa cholinga chake n'kuchotsa ululu. Maulama ambiri amasiyanitsanso pakati pa kupha munthu ndi kusiya chithandizo chomwe madokotala odalirika atsimikiza kuti sichikuthandizanso. Zikafika pamenepo musagamule nokha, khalani pansi ndi dokotala komanso sheikh.

3. Kuzonda wodwala ndi haki yomwe Msilamu ali nayo pa Msilamu mnzake. Apa ndi pomwe achinyamatafe tikuperewera. Kulemba "haraam" pa Facebook n'kosavuta. Koma kuchapa nsalu zomwe wodwala waipitsira, kumutembenuza usiku kuti asachite zilonda, kumumwetsa phala pang'onopang'ono, kumuthandiza kupanga tayammum kuti aswali, zimenezo timasiyira amayi ndi azilongo athu okha mpaka iwonso amatheratu mphamvu. Ngati tikuuza wodwala kuti adikire ajal yake, tikhale naye pomwe akudikirapo.

Ntchito ya sabata ino nayi. Ganizira munthu mmodzi wodwala kwa nthawi yaitali, wachibale kapena woyandikana naye nyumba. Pita ukamuone isanafike Jumu'ah, foni ikhale m'thumba. Funsanso womudwazika kuti ungamupumitse liti, ngakhale maola awiri. Ndipo wodwalayo akati "ndakutopetsani", mugwire dzanja, umuyang'ane m'maso, umuuze kuti kumusamalira ndi ibadah yako.

Allah achize odwala athu, alimbitse owadwazika, ndipo atipatse tonse mathero abwino, shahada ili pakamwa. Ameen.