Kusoka Pali Mwana Wazaka Ziwiri

Funso: Ndimakonda kusoka ndi kuluka madoilo, koma mwana wanga wazaka ziwiri amandilanda ulusi ndi singano. Kodi ndisiye kaye mpaka akule?

Yankho: Musasiye, mayi. Mwana wa msinkhu umenewu amaphunzira potengera akuluakulu, n'chifukwa chake sakuchokani. Mupatseni ntchito yakeyake: zidutswa zikuluzikulu za chitenje ndi kadengu koti aziikamo n'kumatulutsa. Zogwira singano ndi sizasi muzichita iye akagona masana.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi mabatani ndi mikanda. Pa msinkhu uwu chilichonse chimapita m'kamwa, ndipo kanthu kakang'ono kangamutsamwe. Muzisunga zimenezi m'chitini chotsekeka bwino, pamwamba pa kabati. Ulusi wautali nawonso ungamukole m'khosi. Akameza singano musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala.