Ndachedwa kulembetsa inshuwaransi ya kuchipatala, nditani?

WOULUTSA:  Makalata ambiri a sabata ino ochokera kwa omvera athu kuno ku Kasungu akulira chinthu chimodzi, inshuwaransi ya kuchipatala, ndipo tili ndi mayi alangizi athu a nkhani za masikimu a zaumoyo. 

ALANGIZI:  Tiyeni tiwamve eni makalatawo.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa kwa Chulu, mlimi wa fodya wa bale. Akuti: "Chaka chatha nditagulitsa mabelo anga ku Chinkhoma ndinkafuna kulowa sikimu ya kuchipatala, koma ndalama zinathera ku malata ndi njinga yamoto. Pano ndi Febuluwale, mayi a kunyumba awapeza ndi matenda a shuga. Mnzanga akuti kulembetsa kunatsekedwa mu Januwale. Kodi n'zoona? Ndichite bwanji?"

ALANGIZI: Pepani bambo ndi matendawo. Mnzanuyo wakuuzani zosakwanira. Kuno kwathu munthu wofuna kulowa payekha m'masikimu ngati Medical Aid Society of Malawi, imene tonse timangoti MASM, sadikira mwezi wapadera. Mungathe kupita ngakhale mawa, kukatenga fomu. Chimene chingakupwetekeni ndi china: mukalowa simuyamba kuthandizidwa pa zonse tsiku lomwelo. Pamakhala nthawi yodikira, ndipo matenda amene munthu wabwera nawo kale amakhala ndi malamulo akeake, ovutirapo.

Ena amakwiya akamva zimenezi, amati ndi kuba. Ine sindiona choncho. Sikimu ndi thumba limene anthu ambiri amaponyamo, odwala ochepa n'kumatapamo. Aliyense akanati azilowa tsiku limene wadwala, n'kutuluka akachira, thumbalo silikanatha chaka. Inu nomwe bambo mukudziwa kuti palibe kampani imene ingavomere inshuwaransi ya chigafa moto utayamba kale kunyambita udzu wa padenga.

WOULUTSA: Nanga akangobisa pa fomupo, osalemba za shugayo?

ALANGIZI: Asayerekeze. Kabuku ka kuchipatala ka mayiwo kali ndi tsiku limene anawapeza ndi matendawo, ndipo dokotala aliyense akadzawayeza adzadziwa kuti si za dzulo. Sikimu ikazindikira kuti munanama imakana kulipira, mwinanso kukuchotsani, ndalama zanu zitapita kale.

Za lero ndi izi. Mayiwo asadikire khadi. Chipatala cha boma pa Kasungu chimathandiza odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi kwaulere, ndipo chikaona kuti zakula chimatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akalembetse kumeneko, azipita tsiku lililonse limene awauza. Tonse tikudziwa kuti nthawi zina mumafika pawindo n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, kagulani kufamase. Choncho muzikhala ndi kangachepe kapadera ka mankhwala basi, chifukwa shuga safuna kudumphitsa. Ngati mayiwo ali mu banki mkhonde, afunse za thumba la mavuto lija gulu limasonkha pambali pa masheya. Ndi laling'ono, koma limaposa katapila kutali.

WOULUTSA: Ndiye za sikimuzo angoziiwala?

ALANGIZI: Ayi, koma aganize bwino, ndipo pano ndilankhula mosabisa. Mlimi wa fodya ali ndi nyengo yake yolembetsera ngakhale palibe amene anamuikira. Ndi miyezi imene msika uli wotsegula, kuyambira cha mu Epulo, pamene ndalama zikulowa ku akaunti. Sikimu imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, pamene fodya amalipira kamodzi pachaka. Ndawaonapo alimi olowa mu Juni mokondwa, n'kulipira bwinobwino mpaka Okutobala. Kenaka pabwera feteleza, aganyu, fizi ya ana. Pofika Januwale alephera miyezi iwiri, khadi yaimitsidwa, ndipo ndi nthawi yomweyo imene udzudzu wachuluka, malungo ali pakhomo lililonse, nkhokwe ili pululu. Analipira miyezi yonse imene anali bwino, n'kusowa thandizo mwezi umene anadwala. Ndiye mukafuna kulowa, funsani ngati angalandire ya chaka chonse nthawi imodzi, mulipire musanapite kukaona malata.

Musanasaine afunseni zinthu zitatu, ndipo mayankho akhale olembedwa. Mudikira miyezi ingati pa matenda wamba, pa opaleshoni, ndi pa matenda amene alipo kale? Zaka zanu zikukweza mtengo kapena ayi? Ndipo ndi zipatala ziti za pafupi nanu zimene zimalandira khadiyo? Funso lomalizali anthu amaliiwala. Ngati khadi ikugwira pa boma pokha kapena ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 120 kuchokera pa boma, inu muli kwa Chulu, ndalama ya thiransipoti yokha ingakugwetseni. MASM ili ndi magawo, monga Econoplan, Executive ndi VIP, ndipo lililonse lili ndi malire ake a zimene limalipira. Kwa mlimi wa ekala imodzi, amene akachotsa ngongole ya kampani ya fodya amatsala ndi zochepa, ine ndimati ayambe wasunga kaye ndalama ya zadzidzidzi ku SACCO kapena ku banki. Amene amatulutsa mabelo ambiri chaka ndi chaka, ameneyo alowe.

WOULUTSA: Zamveka. Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina, kalaliki pa esiteti ina cha ku Mtunthama. Akuti: "Ndinayamba ntchito chaka chatha. Kuntchito kuli sikimu, koma sabata imene ankasonkhanitsa mafomu ndinali kumaliro ku Nkhamenya. Nditabwera anandiuza kuti ndidikire chaka chamawa. Pano ndine woyembekezera, miyezi isanu."

ALANGIZI: Apa ndiye pali tsiku lotsekera lenileni, achemwali, koma silinaikidwe ndi lamulo la dziko. Ndi mgwirizano wa abwana anu ndi sikimuyo, kapena mwina ndi dongosolo la muofesi chabe lofuna kutumiza mayina onse pamodzi. Zoikidwa ndi anthu zimakambidwa. Musangopempha pakamwa podutsana pakhonde. Lembani kalata kwa oyang'anira antchito, mufotokoze za malirowo, mupemphe kuti afunse kusikimu ngati angakuwonjezereni pakati pa chaka, ndipo musunge kope lanu. Masikimu a magulu amalandira antchito atsopano chaka chili mkati, ndiye si chinthu chachilendo kwa iwo.

Koma ndisakunamizeni. Uchembere ndi umene masikimu amauikira nthawi yodikira yaitali, ndipo pa miyezi isanu n'kutheka kuti ngakhale akulandireni lero, kuchira kwa mimba iyi sadzalipira. Lowanibe, chifukwa mwana akubwerayo adzafuna khadi. Akangobadwa mulembetseni msanga, funsiranitu kuti amapereka masiku angati.

WOULUTSA: Nanga sikelo ndi kuchira, apite kuti?

ALANGIZI: Kuchipatala cha boma ndi kwaulere. Komanso zipatala zambiri za mishoni, za pansi pa CHAM, zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono a m'midzi yozungulira azithandizidwa osalipira, boma n'kumabweza ndalamazo. Iwo ali pafupi ndi St Andrew's pa Mtunthama pomwepo. Akafunse ngati mgwirizanowo ukugwira ntchito panopa, ndiponso ngati mudzi wawo uli m'gulumo. Chinanso achidziwe: lamulo silikakamiza abwana kupereka sikimu ya kuchipatala, limakakamiza penshoni. Koma lamulo la zantchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Chimenecho sichidalira fomu imene anaiphonya ija.

WOULUTSA: Iyi ndi yaifupi, yachokera kwa mnyamata wa ku Santhe amene amathyola fodya pa esiteti. Akuti akathyola m'mawa amamva chizungulire, mutu ndi nseru mpaka kusanza, ndipo kapitawo anamuuza kuti za kuchipatala adzionere yekha popeza sanalembetse sikimu.

ALANGIZI: Iii, kapitawoyo wasokoneza zinthu ziwiri. Choyamba matendawo. Masamba a fodya akanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunukira m'madziwo n'kulowa pakhungu. Mnyamata akakumbatira masamba m'khwapa, malaya atanyoweratu, thupi limamwa nikotini ngakhale sanasutepo ndudu chibadwire. Zizindikiro zake ndi zomwe watchulazo. Avale pulasitiki pamwamba pa malaya ndi magolovesi, akanyowa asinthe zovala n'kusamba ndi sopo, ndipo ngati n'kotheka adikire mame akamuke. Apitenso kuchipatala, chifukwa mankhwala opopera m'munda amabweretsa zizindikiro zofanana ndipo ndi oopsa kwambiri. Akanene bwinobwino ntchito imene amagwira kuti ilembedwe m'kabuku.

Chachiwiri, kuvulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito si nkhani ya sikimu. Pali lamulo la chipukuta misozi cha antchito la 2000, ndipo udindo uli pa wolemba ntchito. Apite ku ofesi ya zantchito pa boma ndi kabuku kakeko. Ndipo poti tatchula ma esiteti, dongosolo la matenanti linathetsedwa ndi lamulo mu 2021. Wogwira ntchito m'munda wa fodya ndi wantchito ngati wina aliyense.

WOULUTSA: Yomaliza ndi ya agogo ena a ku Chamama. Akuti mwana wawo wamkazi ali ku South Bend, m'dera la Indiana ku America, ndipo anaimba foni akudandaula kuti waphonya nthawi yolembetsa inshuwaransi. Agogowa akuti sakumvetsa, dziko lolemera chotero munthu angasowe bwanji chipatala?

ALANGIZI: Agogo, kumeneko ndiye kuli chitseko chenicheni. Chipatala cha ku America ndi chodula kwambiri, ndipo pansi pa lamulo la 2010, lija amalitcha Obamacare, wogula inshuwaransi payekha amalembetsa kamodzi pachaka, kuyambira pa 1 Novembala. Kwa zaka zingapo m'madera ambiri kwakhala kukutsekedwa pa 15 Januwale. Anaika malirewo chifukwa lamulo lomwelo limaletsa makampani kukana munthu wodwala kale, ndiye anafuna njira ina yoletsera anthu kulowa atadwala.

Mwana wanuyo adzifunse ngati chasintha china pamoyo wake posachedwa: kutha kwa inshuwaransi ya kuntchito, ukwati, kubereka, kusamukira dera lina. Zoterezi zimamupatsa masiku 60 olembetsera ngakhale nyengo itatha, ndipo ku Indiana amachitira pa HealthCare.gov. Medicaid, ya anthu opeza zochepa, imalandira chaka chonse, koma imayang'ana malipiro ndi mapepala okhalira m'dzikomo. Zonsezi zikakanika, kuli zipatala za m'madera zimene zimalipiritsa molingana ndi zimene munthu amapeza. Achenjere ndi inshuwaransi zotchipa za miyezi yochepa zimene amatsatsa pa intaneti, zambiri sizilipira matenda amene munthu anali nawo kale.

WOULUTSA: Tili ndi abale ambiri ku Joni, kumeneko zili bwanji?

ALANGIZI: Ku South Africa sikimu yotsegukira aliyense siloledwa kukukana, koma ingakudikiritse miyezi 3 pa zonse ndi miyezi 12 pa matenda amene unabwera nawo. Ukalowa koyamba utapitirira zaka 35, angakuwonjezere mtengo ngati chilango chochedwa. Anzathu a ku Lundazi ndi Chipata, kuseri kwa malireku, ali ndi NHIMA, sikimu ya dziko lonse imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, ndipo wantchito amadulidwa 1 peresenti, abwana n'kuikapo inanso 1. Ife sikimu yotero tilibe.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, omvera athu. Bambo a kwa Chulu, mutilemberenso mutiuze mmene mayi akupezera. Makalata a za ngongole ya feteleza tawasunga, tidzawawerenga sabata yamawa.